Nyali Zoyaka Masana pa Tsiku la Marvella

A Doyle, amuna anga, anagwa m'khitchini ali ndi kapu ya khofi m'manja, ndipo anasankha tsiku loipitsitsa kugwa m'tauni ya Laurel Gap: Tsiku la Marvella.

Marvella Tackett ndi wathu, mwana wa m'chigwa chomwechi. Tinkaimbira limodzi kwaya ku tchalitchi tili ndi mamina m'mphuno, ndipo gitala yake yoyamba anam'bwereka ndi a Doyle omwewa. Iye anapita ku Nashville n'kutchuka, ine ndinatsala n'kumachapa malaya a fumbi la malasha. Zoipa za iye sindinena, ayi. Kachipatala ka kutsidya kwa mlatho anamanga ndi iye, malipenga a ana asukulu anagula ndi iye, ambulansi imodzi yokha ya tauni ino anagulanso ndi iye. Ndiye akabwera kudzationa chaka ndi chaka, tauni imapenga misala, ndipo chilichonse chimene anatipatsa chimayenda pa perete kuti achione.

A Doyle anali atagwira pachifuwa, nkhope itatuwa ngati phulusa. Ndinaimba foni ya zangozi.

"Mayi Oleta, ambulansi ili pa perete," anatero mtsikana woyankha, mawu ake akufuna kulira. "Ndikuwaitana koma sakumva, akuliza sailini kusangalatsa ana. Ina ichokere kuseri kwa phiri, ichedwa. Ngati mungathe, athamangitsireni nokha ku chipatala."

Mmene ndinawakwezera m'pikapu sindikudziwa, chimunthu ngati chimenecho. Ndinatsetsereka phiri lathu miyala ikuthetheka.

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero a Doyle. "Mukufuna mundiphe mtima usanandiphe?"

"Khalani chete, mupume! Mukandifera muno sindidzakuyankhulaninso."

Tauni yathu ili ndi msewu umodzi basi, mbali ino mtsinje, mbali inayo thanthwe. Pamene ndinafika pa sitolo ya zitsulo, kalanga ine, msewu wonse unali mitu yokhayokha. Alendo ochokera kutali, zipewa zazikulu, malaya a nkhope ya Marvella, ana pamapewa. Patsogolo panga panali lole yomaliza ya perete, ndipo pamwamba pake Marvella mwini wake, atavala zonyezimira, akuimba.

Ndinaliza hutala. Anthu anatembenuka n'kundiwombera m'manja. Ndinalizanso mosalekeza, galimoto zoimikidwa m'mbali n'kuyamba kundiyankha, pii-pii, mwachisangalalo. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti muno muli wodwala, koma mawu anga anamira m'ng'oma. Mayi wina wa magalasi akuda anandiponyera switi. Switi! Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanam'dyetsa ndi pepala lake lomwe.

A Doyle anali atatsamira chitseko, milomo ikuda. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Kwathu kuno, galimoto ikayatsa nyali masana n'kumayenda pang'onopang'ono, ndiye kuti ndi maliro. Aliyense amapatuka n'kuima, amuna n'kuvula zipewa, ngakhale womwalirayo anali mdani wako. Dzanja langa linaima pa batani. Kuyatsira munthu wamoyo nyali za maliro, si kumulodza kumeneko? Koma ndikanatani? Ndinayatsa.

Woyamba kuona anali mkulu Burl, amene anakumba malasha ndi a Doyle mpaka mgodi kutsekedwa. Ananyamuka pa mpando wake wa nsalu n'kuvula chipewa. Amayi a ku tchalitchi kwathu anasiya kugulitsa makeke n'kugwira pamtima. Koma eni mudzi anali ngati mchere m'ndiwo pakati pa alendowo, ndipo alendo ankangojambula ndi mafoni.

Marvella anaona chipewa cha Burl, n'kuona nyali, n'kuizindikira pikapu. Anadula nyimbo pakati. Anatsika lole ija nsapato zake zazitali zili m'manja n'kuthamangira pawindo langa.

"Oleta, mwana wa kwathu! Watisiya ndani?"

"Palibe, koma a Doyle akupita ndikuona! Ambulansi yako ili kutsogolo uko ikuponya maswiti!"

Anasuzumira m'kati, nkhope yake yopakidwa ija n'kugwa. Anakweza chimkuzamawu chimene chinali chikadali m'dzanja lake. "Anthu inu, chonde, patukani! Tipatseni njira!" Koma alendo atangoona kuti watsika pansi, pafupi poti n'kum'khudza, anakhamukira kwa iye akukuwa dzina lake. Msewu unathina kuposa poyamba. Ndinamenya chiwongolero ndi zibakera. Kutchuka kwakeko ndinakutukwana, iye akumva.

Anavula chipewa chake choyera n'kuchigwira pachifuwa, anaima kutsogolo kwa pikapu chosavala nsapato, n'kuyamba nyimbo ija timaimba kuno potsitsa bokosi m'manda. Popanda gitala, popanda ng'oma, ndi liwu lake lakale la m'kwaya.

Burl anailandira. Amayi a makeke anailandira. Eni mudzi onse, kulikonse kumene anali, anayamba kukokera alendo m'mbali, wina pa mkono, wina pa lamba. Lole ija inakwera m'mphepete mwa msewu. Marvella anayamba kuyenda, ine pambuyo pake, ndipo anthu ankang'ambika pakati ngati nsalu yakutha. Kutsogolo ana asukulu anatsitsa malipenga.

"Mayi," ananong'ona a Doyle, maso ali otseka, "ameneyo ndi Marvella?"

"Ndi yemweyo, bambo. Musagone."

"Akuimbira ndani?"

"Akuimbira inu."

Anatsegula maso pang'ono n'kuona amuna onse a m'tauni ali m'mizere, zipewa m'manja. "Ha! Ngakhale Burl? Mbuzi imeneyo sinandivulirepo chipewa." Anafuna kuseka, kenaka anati, "Mum'uze kuti nyimboyo akuithamangitsa. Nthawi zonse amaithamangitsa pamenepo."

"Mum'uza nokha. Mlatho ndi uwo, bambo, mwauona? Pirirani, ndapota nanu."

Sailini inazima. Anyamata a ambulansi anali atamva tsopano, ndipo ndinawaona akuthamangira kwa ife ndi machira, mabaluni akadali omangidwa pa galimoto yawo. Tinakumana pakamwa pa mlatho. Ndinatembenuka kuti ndiwauze a Doyle kuti tafika, koma dzanja lawo linali litagwa kale pa bondo langa.

Anawagoneka pamsewu pomwepo n'kuwapsinja pachifuwa, kuwapsinja, kuwapsinja. Ine ndinkangoti, "Bambo, dzukani, anthu akukuonani." Chipatala cha dzina la Marvella chinali poonekera, tsidya lina. Wamkulu wa anyamatawo atadzuka, anavula chipewa chake.

Marvella anagwada pambali panga, mapazi ake akutuluka magazi. "Oleta, ndikhululukire. Ndaimbira munthu wamoyo nyimbo ya kumanda. Ndam'fulumizitsa ndine."

"Nyali ndinayatsa ndine," ndinatero. "Ndipo anakumva. Akuti umaithamangitsa."

Anandiyang'ana, n'kuphulika kulira ngati kamwana, ine n'kum'gwira mutu. Pa maliro enieni anaiimbanso, pang'onopang'ono, mpaka abusa anayamba kusuzumira wotchi.

Tsiku lija palibe anakumbukira kuzimitsa nyali za pikapu, ndipo zinayaka mpaka batire linatha. Burl wabwera kangapo ndi mawaya ake kuti aidzutse. Ndimam'uza kuti mawa. Ikadali pomwepo, pakamwa pa mlatho, ndipo chipewa cha a Doyle chili pampando.