Chitseko cha ku Ofesi ya Chipani

A Gerishon, tcheyamani wa chipani kwathu kuno ku Ligowe, anamutsekera mwana wanga Lenard njira yokaphunzira zachipatala chifukwa cha chitseko. Ndawatchula dzina, akafuna abwere adzandifunse.

Bambo ake a Lenard anafera pamachira, panjira ya ku Mwanza, galimoto ya chipatala itatitimira m'matope. Kuyambira pamenepo mwanayo ankafuna ntchito imodzi basi, yofika msanga pamene munthu wavulala. Anaphunzira chithandizo choyamba, nkumathandiza a Lameki, dokotala wa pachipatala chathu chaching'ono, ochokera ku Rumphi. A Lameki anali atalonjeza kuti akabwera akuluakulu osankha anyamata okaphunzira, adzamutchula iyeyo.

Ndiye kunabwera msonkhano wa chipani, alendo ochokera ku boma. M'mawa mwake amayi anali pabwalo kuyeserera magule, amuna akumaliza chisakasa cha alendo. A Laimoni, mmodzi wa amunawo, anali pamwamba kumanga udzu. Mtanda unathyoka, iwo nkugwa chagada pamwala.

"Adzutseni! Athireni madzi!"

"Akokeni miyendo, msana ubwerere m'malo!"

Lenard anawakankha onse. "Musawagwire! A Laimoni, tagwedezani zala za kumapazi."

Zinagwedera pang'ono chabe.

"Ndi msana uwu. Mukawapinda sadzayendanso. Machira a chiguduli ayi, pakufunika thabwa."

Thabwa lalikulu pamenepo linali limodzi, chitseko cha ofesi ya chipani. Chinali chomangirira ndi mphira ya tayala. Lenard anadula mphirayo ndi mpeni, anawagoneka a Laimoni pachitsekopo, nkuwamanga ndi nsalu kuti asagwedezeke. Amuna anayi anasenza pamapewa, ulendo wa kuchipatala.

Inu mukudziwa, kwathu kuno munthu wogona chagada pathabwa, womangidwa m'nsalu, wosenzedwa ndi amuna anayi, ndi maliro. A Maness, akazi awo a Laimoni, anawaonera patali akuchokera kuchitsime. Anaponya ndowa, nkuyamba kulira maliro. Amayi ovina atamva anasiya gule nkuthamangira komweko, oyimba ng'oma pambuyo. Pamene galimoto ya alendo inkafika, inapeza a Gerishon okha pabwalo, ofesi ili yasa, nkhuku zikutolatola m'katimo.

Mawa lake a Gerishon anafika pakhomo panga, mpando anaukana.

"Mayi, mwana wanu wachititsa chipani manyazi. Anapempha kwa yani chitseko chija?"

"A tcheyamani, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu anali kufa."

"Wafa? Si ali kuchipatala ku Mwanza akudya buledi?"

"Ali moyo chifukwa cha chitseko chomwecho! Kodi chitseko chanucho chili ndi msana? Chili ndi ana?"

"Samalani pakamwa, mayi. Mulibe mwamuna wokakuwombolani."

Lenard anakabwezera chitseko tsiku lomwelo, ndi mphira yatsopano. Anagwada, anapepesa, ine ndikuona, mtima ukundiwira. Sizinathandize. Osankha aja atabwera, anayamba kaye afunsa tcheyamani za khalidwe la mnyamata. A Gerishon anati ndi wosamvera, wobalalitsa misonkhano. Mawu amenewo masiku ano ndi manda.

Ndinapita kwa a Lameki. Anatseka zenera asanayankhule.

"Mayi, mwana wanu anachita bwino, mwina kuposa mmene ndikanachitira ine. Koma ine kuno ndine wobwera. Akanena kuti ndikusunga osamvera, mawa simundipeza pano. Asabwerenso kuchipatala kuno, chonde."

Ndinadikira a Laimoni. Anabwerako mvula itayamba, akuyenda ndi ndodo, koma ndi miyendo yawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda nachesi.

"Achimwene, tiyeni mukanene kwa a tcheyamani kuti mwanayu anakupulumutsani."

"Kundipulumutsa? Anandisandutsa mtembo ndili moyo! Apongozi anga anapha mbuzi ya pamaliro. Ana akandiona panjira akuthawa, ati mzukwa. Akanandinyamula ngati munthu."

"Akanakunyamulani ngati munthu, bwenzi lero mukukwawa ngati mwana."

"Zimenezo adziwa ndi Mulungu," anatero, nkulavula nthangala.

Anzake a Lenard anapita kusukulu. Iye ali kumunda, akulima mbatatesi ndi ine. Sadandaula, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chimenecho. Sabata yatha anabwera mnyamata akuthamanga, ati ngolo yagubuduzika kumtsinje, munthu wapsinjika mwendo. Lenard anaponya khasu.

"Ukupita kuti? Anthu omwewa anakhala chete pamene ankakupaka matope!"

"Amayi, wapsinjikayo si amene anandipaka matope."

Anapita. Ine ndinatsala pamzere ndi makasu awiri.

Sukulu ndinalekera Sitandade 5, mwina pali nzeru ina imene sindiidziwa. Ndiye inu owerenga, inu ophunzira, ndiuzeni. Mukadzagwa chagada, anthu akukukokani miyendo, mudzafuna pafike ndani, wodula mphira kapena wopita kukapempha kaye kwa tcheyamani? Musandiuze kuti pepani. Ndiyankheni.