Kachitsulo Kapansi pa Tebulo

"Liwiro munandilonjeza lija lili kuti?" Mayi anatsitsa kompyuta pakauntala pa wokonza makompyuta mwamphamvu mpaka timasikuluu tam'mbale tinadumpha. "Munati SSD yanuyi, chosungira mafayilo munaikamo chija, ndi mphezi. Mphezi imakwawa?"

Mwana wawo wamkazi, wojambula mavidiyo, anaima kumbuyo atazyolika. Vidiyo ya ukwati wa eni ake inkafunika mawa lake. Akayamba kuitulutsa, makinawo ankathamanga bwinobwino, koma pakatha mphindi zisanu ankayamba kukoka miyendo. Akwatiwo anali ataimba foni katatu, n'kuopseza kuti auza aliyense asadzamupatsenso ntchito.

Wokonza makompyuta anaiyatsa, naipatsa ntchito yolemera, kenako analoza pasikirini.

"Taonani, madigiri 80. Ikatentha chonchi imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kachitsulo kamanomano kaja kali kuti, koyamwa kutentha?"

"Kachitsulo kanjinso?"

"Tsiku lija ndinati mudikire mphindi khumi ndikamatepo. Inu munati basi ikusiyani. Ndinakuikirani m'kajumbo."

Mwana uja anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Amayi, si kaja munachirikizira mwendo wa tebulo?"

"Iwe, tseka pakamwa! Tebulo linkagwedera, ndikanatani? Nanunso bambo, chinthu chofunika mumapatsa munthu m'jumbo ngati zinyalala? Ikani china, ndilibe nthawi."

"Zandithera, mayi. Zibwera sabata yamawa."

Mayi anacheuka kuti akalipirenso mwanayo, koma anaona misozi ikutsika mwakachetechete. Mtsikanayu anaphunzira yekha ntchitoyi, ndipo ndiyo inkawadyetsa onse pakhomo. Mayi anakwapatira chikwama n'kutuluka.

Anabwerako patatha maola awiri, thukuta lili kamukamu, kachitsulo kali m'manja, fumbi lokhalokha, dzino limodzi litapindika. Wokonza uja anakapukuta, nawongola dzinolo, nasenda kapulasitiki kapansi pake.

"Mphindi khumi zanga zija, mayi. Lero mundipatsa?"

Mayi anakhala pabenchi, chikwama pamiyendo.

Wokonza uja atamata kachitsuloko, anayambitsa vidiyo ija. Mphindi zisanu zinadutsa. Khumi. Nambala ya madigiri inaima pa 55, mzere wobiriwira wa pasikirini ukungoyenda osapunthwa. Mwana uja anapumira m'mwamba.

Basi ziwiri zinadutsa panja, mayi osasuntha mpaka vidiyo yonse itatuluka. Mawu oti pepani sanatuluke. Ponyamuka anangoloza katoni yomwe inali pakona.

"Ndiduleniko kachidutswa apo. Tebulo lija layambiranso kugwedera."