Nsupa ya a Uladi

Chaka cha njala ya 1949, asodzi anapeza a Chande ali thapsa m'mabango a ku Chiuta, mutu utang'ambika, ukonde wawo kulibe. Sanafe, koma kuyankhula kunatha. Asikali a boma anafunsa mudzi wonse n'kubwerera chimanjamanja.

Amene ankawamwetsa phala anali Lukiya, mwana wa mlongo wawo, wa zaka khumi ndi zitatu. Mtsikanayu anali ndi chake mumtima. M'mawa wa tsiku lomwe a Chande anapezeka, anaona bambo ake, a Uladi, akukwecha nkhafi ndi mchenga kuseri kwa nyumba. Nkhafi amaikwecha ndani? Posakhalitsa pakhomo panayamba kununkhira matemba, chonsecho ukonde wa a Uladi unawola kalekale.

Lukiya anadya nawo. Njala inalipo.

Akamachokera kwa amalume ake, ankapeza bambo ake atakhala m'mbali mwa njira.

"Ayankhula lero?"

"Iyayi, baba."

"Ngakhale liwu limodzi?"

"Angobuula."

Ankamuyang'anitsitsa, kenako n'kumusisita pamutu ndi dzanja lomwe linamuphunzitsa kupalasa bwato.

Tsiku lina a Chande anamugwira Lukiya mkono, akuyesetsa kuyankhula. "U... U..."

Lukiya anawaponyera phala m'kamwa msangamsanga, mpaka a Chande anatsamwa. Anatuluka panja akudzida yekha.

Pobwerera sanathe kubisa nkhope. A Uladi sanafunse kanthu. M'mawa mwake anamupatsa kansupa.

"Ndatenga kwa sing'anga wa ku Ngokwe. Ukawamwetse alamu anga. Amayi ako asadziwe, mankhwala angasukuluke."

Anayenda nako mpaka pakhomo pa amalume ake, n'kuima. Mwina analidi mankhwala. Anakanunkhiza, osamva kanthu. Anatembenuka, ulendo kudimba kumene amayi ake ankalima, ndipo ananena zonse, maso ali pansi.

Amayi anakhuthulira nsupayo m'nthaka n'kukwirira ndi khasu.

"Ukondewo ndinauona m'bwato mwa bambo ako," anatero. "Mfundo za achimwene ndimazidziwa. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa ndekha."

Tsiku lomwelo anakauza abale awo. Pomwe asikali ankafika, a Uladi anali atawolokera kale kwa Apwitikizi.

A Chande anachira n'kuyambanso kuyenda ndi ndodo. Lukiya anakhala pakhomo pawo mpaka kukwatiwa. Asodzi a kutsidya akafika padoko, ankawafunsa motsitsa mawu ngati a Uladi ali moyo, ndipo kunyumba sankanena zomwe wamva.