Goloboyi Salewa

Pakoleji ponse ankamutchula kuti Ulimbo, chifukwa mpira ukangokhudza zala zake unkakakamira pomwepo. Anali goloboyi wa timu ya koleji, mnyamata wamtali, wa manja otambalala ngati fosholo, wosachedwa ndi zolankhula. M'kalasi sanali mbuli, koma tisanamizanepo apa, sanalinso katswiri. Chimene chinamulowetsa pageti la kolejiyo chinali manja akewo. Lamulo linali lakuti wosewera mutimu salipira fizi, koma ukangosiya kusewera, kaya wathyoka kaya watopa, teremu yotsatira uzidzilipirira wekha ngati wina aliyense.

Bambo ake anali kalipentala, ndipo analibe mphamvu zolipirira ana awiri. Pakoleji pomwepo panali kale mwana wawo wamkazi, mlongo wake wamkulu wa Ulimbo, amene ankaphunzira zamalamulo, ndipo fizi ya mtsikanayo yokha inkawapinda msana. Ulimbo ankadziwa bwino kuti tsiku limene adzachoke pagolo ndi tsiku lomwelo limene adzalongedze katundu.

Manja amenewa sanangobadwa choncho. Anawasula ndi a Kochi, bambo wamfupi, wa khosi lonenepa, amene anali ndi chiphunzitso chimodzi chokha: goloboyi salewa. Ankamuimika pagolo n'kuuza anyamata kuti azimumenya mpira wonyowa chapafupi, kulunjika kumaso. Akangophethira, ankazungulira bwalo mpaka lilime kutuluka. Ngakhale kunja kwa bwalo a Kochi sankamupumitsa. Ankatha kumugenda ndi makiyi m'khonde, ndi nsapato m'chipinda chovalira, ndi botolo la madzi ali pamzere. Mapeto ake thupi la Ulimbo linasiya kufunsa mutu. Chinthu chikangouluka, anzake n'kuwerama, iye manja anali atapita kale.

Tsono nkhani inali pa ndalama ya zamasewero. Wophunzira aliyense ankaipereka pamwamba pa fizi, woyenda ndi ndodo yemwe, wodana ndi mpira yemwe. Ndalamayo inkagula majezi ndi nsapato, inkagula mazira ndi mkaka wa osewera, amene ankalowa m'holo yodyera kudzera pakhomo la m'mbali n'kukhala patebulo lawolawo. Chaka chimenecho inagulanso basi yatsopano, yonyezimira, ya mipando yofewa. Pamene izi zinkachitika, denga la laibulale linkadontha pamabuku, ndipo mipopi ya kumahositelo inkangotulutsa mphepo. Anthu anapirira mazira, koma basi ija inawakwana.

"Idyani, ng'ombe za m'khola inu!" ankakuwa choncho m'holo muja. "Idyani thukuta la abambo athu, Loweruka mukatibweretsere zigoli za eni!"

Chinkamupweteka kwambiri Ulimbo n'chakuti pakati pa atsogoleri a madandaulowo panali mlongo wake. Tsiku lina anamudikirira pamasitepe a laibulale.

"Achemwali, mukufuna ndibwerere kunyumba ndizikapala matabwa?"

"Iwe, ine sindikulimbana ndi iwe," anatero mtsikanayo, atakumbatira mabuku. "Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anabwezedwa pakhomo la mayeso chifukwa sanamalize ndalama ya zamasewero. Fizi anamaliza, koma ya mpira. Mwana woti sanaupondepo mpira chibadwire. Ukuona kuti n'zoona zimenezo?"

"Nanga ine ndalakwanji?"

"Sunalakwe. Koma dzira ukudya lija bambo ako omwewo ndi amene amalipira, kudzera mwa ine. Umaona ngati unawapeputsira katundu, chonsecho anangosintha phewa."

"Mukaichotsa ndalamayo, ine ndatha."

"Tikufuna aichepetse, ndiponso azitiuza mmene ikuyendera. Palibe amene akukhudze. Ndine mlongo wako ine, usandiyang'ane ngati mfiti."

Ulimbo anachoka mtima ukuwawa. Ankamukonda mlongo wakeyo, ndipo choipa kwambiri chinali chakuti sankapeza bodza m'mawu ake.

Tsiku la tsokalo timu inkapita kukasewera kutali. Basi inanyamuka dzuwa lili paliwombo, anyamata atavala zofanana, nyimbo ikulira. Atakhota pakona ya ofesi ya mkulu wa koleji, dalaivala anaponda buleki. Geti linali litatsekedwa ndi mabenchi, matayala ndi bedi lachitsulo, ndipo kutsogolo kwake kunali anthu osaoneka malire. Chikwangwani china chinalembedwa kuti basi si buku, sitiiwerenga. Mlongo wake wa Ulimbo anali ataimirira pamgolo, chimkuzamawu kukamwa.

"Anzanga, mwala ayi! Aliyense manja m'mwamba! Basi ibwerere, akuluakulu abwere tikambirane!"

Mwina zikanathera pomwepo, anthu akanaimba, akanatopa, njala ikanawabalalitsa. Koma dalaivala anali munthu wonyada ndi galimoto yake. Analiza hutala, n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono kuti awaopseze. Bampala inagunda mnyamata wina wowonda, wa magalasi, amene anagwa chagada. Chigulu chija chinabangula. Zibakera zinayamba kugwa m'mbali mwa basi ngati ng'oma.

M'timumo munali wogoletsa wina amene ankamutcha Chiphaliwali, wa miyendo yanzeru ndi mutu wopanda kanthu. Anatsegula chitseko, n'kudumphira pansi atagwira nsapato yampira kudzanja, misomali yake kunja.

"Mukundidziwa ine? Chokani, amphawi inu!"

Anaizunguza nsapato ija mosayang'ana. Inakatera kumaso kwa mtsikana wina wamfupi, n'kung'amba tsaya kuyambira pansi pa diso mpaka pakamwa. Anali mnzake uja wa mlongo wake wa Ulimbo, wobwezedwa pamayeso uja. Mtsikanayo sanalire n'komwe. Anangokhala pansi, akuyang'ana magazi amene ankadzaza m'manja mwake.

Miyala inayamba kugwa ngati matalala. Mawindo a m'mbali anaphulika limodzi ndi limodzi, magalasi akuthira anyamata m'makosi. "Gonani pansi!" anakuwa a Kochi, ndipo asanatseke pakamwa chidutswa cha simenti chinawatsegula pachipumi. Anthu anamugwetsa Chiphaliwali n'kumukhalira mulu, malamba ndi miyendo ya mipando zikukwera ndi kutsika, iye akuitana mayi ake. Ena anakwera m'basi n'kuyamba kukokera osewera panja, kuwavula majekete, kuwaponda. Dalaivala wonyada uja anatulukira pawindo n'kuliyatsa liwiro, nsapato imodzi kuisiya pa buleki.

Ulimbo anatsika yekha. Ankafuna kupeza mlongo wake amuchotse pamenepo. Atangoponda pansi, lamba wa chitsulo kumapeto anamulemba pamsana. Wina anamumenya chibakera pakhutu, wina anamuthira mate. Munthu wa msinkhu wake akanatha kugwetsa atatu ndi dzanja limodzi, koma iye sanabwezere. Anapinda manja n'kuwabisa m'khwapa, n'kumayenda choweramira, akulandira zonse ndi msana, ndi nthiti, ndi mutu. Nthiti zimapola, anadziuza choncho, bola zala.

"Ndi Ulimbo uyu! Wadya mazira athu ambiri uyu!"

"Musiyeni, ndi mlongo wake wa mtsogoleri wathu!"

"Ndiye amenyedwe kawiri!"

Anadzikoka mpaka anafika kutsogolo kwa basi, n'kutsamira pafupi ndi nyali, mpweya ukumuthawa. Apo ndi pamene anamuona mlongo wake. Chimkuzamawu chinali pansi, chophwanyika. Mtsikanayo anali atagwada, akukanikiza tsaya la mnzake ndi mpango, ndipo bulauzi yake yoyera inali itafiira mpaka m'chiuno. Anthu ena anabwera n'kumunyamula wovulalayo. Mlongo wake wa Ulimbo anaimirira pang'onopang'ono, nkhope itauma. Anayang'ana basi ija. Galasi lalikulu lakutsogolo linali lokhalo limene linatsala lamphumphu, likunyezimira padzuwa, kumbuyo kwake kuli mpando wopanda munthu. Mtsikana amene ankaletsa anzake miyala uja anawerama n'kutola theka la njerwa.

Sankagenda munthu. Analunjika galasi, pakatikati, pamene panalibe aliyense woti n'kuvulala, ndipo anaponya ndi ukali wonse umene anausunga chaka chathunthu. Amene anali pafupi anawerama, monga achitira munthu aliyense wamutu wabwino. Koma kumbali kwa galasilo kunali goloboyi. Chinthu chinali kuuluka kulunjika pa chimango cha ngodya zinayi chimene iye anaima patsogolo pake, ndipo miyendo yake inadziwa zochita. Anadumpha mokongola, thupi lonse m'malere, dzanja lamanja litatambasuka mpaka kumapeto.

Njerwa inamenya zala n'kuzikhomerera pachitsulo cha m'mphepete mwa galasi. Kunamveka phokoso ngati nkhuni zouma zikuthyoledwa pabondo. Ulimbo anagwera pa phula, ndipo galasi lija silinachite ngakhale mng'alu.

Kwa kanthawi anthu a kutsogolowo anangoti kukamwa yasa. Chitsiru china chakumbuyo, pozolowera kubwalo, chinakuwa kuti, "Wagwira!" Ulimbo anakweza dzanja lake kuti alione. Zala ziwiri zinaloza kumene zala siziloza, chala chapakati chinali chitaphwanyika ngati nthochi yopondedwa, ndipo kafupa koyera kanasuzumira panja. Ululu unabwera mochedwa, koma utafika anakuwa mpaka mawu kusasa.

Sipanapite nthawi, wina anabwera ndi chigubu cha petulo. Basi inayaka yonse, mipando yofewa ija ikununkha, ndipo galasi limene analipulumutsa lija linaphulika lokha ndi kutentha. Apolisi anafika ndi utsi wokhetsa misozi ndi zibonga, akumenya aliyense amene miyendo inamuchedwetsa. Mlongo wake anamukoka Ulimbo m'khwapa, akutsokomola, akulira, mpaka kuseri kwa nyumba ya mlonda.

Kuchipatala dokotala anayang'ana chithunzi cha mafupa nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Cholembera udzagwira, ukalimbikira," anatero. "Za mpira iwalako, mwana wanga."

M'mawa mwake kunabwera a Kochi, mutu uli m'bandeji. Anaima kumiyendo kwa bedi, osayang'ana mtsikana amene anakhala pambali. Ananena kuti akuluakulu a koleji agonja: ndalama ya zamasewero yachotsedwa yonse, timu yaimitsidwa, ndipo osewera azilipira ngati anzawo. Kenako anayang'ana chikhakha chimene chinali padzanja lija.

"Ndinaona pawindo," anatero. "Unadumpha bwino." Atatero anatuluka.

Awiriwo anatsala okha. Mlongo wake anali asanagone, maso atatupa, bulauzi ija isanasinthidwe.

"Ndinkagenda galasi," anatero motsitsa mawu. "Mulungu akundiona, ndinkagenda galasi. Unadumphiranji, iwe? Basi ya eni, unadumphiranji?"

"Ndinakuonani mukutola, achemwali. Ndinadziuza kuti ndiime." Ulimbo anayang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. "Dzanja linapita lokha."

Foni yake inalira pakabati. Anayesa kuitenga ndi dzanja lamanzere, lotupa ndi zibonga za apolisi, koma inamupulumuka. Mlongo wake anaitola, ndipo ataona woimbayo nkhope yake inagwa. Anali bambo awo. Anafuna kuidula, koma Ulimbo anapukusa mutu, choncho anaiyankha n'kumugwirizira pakhutu. Kumbali inayo kunkamveka sowo ikulira, kenako inazima, ndipo mawu a mkuluyo anabwera osangalala, okwera, a munthu amene sanamve kalikonse.

"Goloboyi wanga! Dzulo foni yako simapezeka. Tandiuza, mwana wanga, unagwira ingati?"

Ulimbo anayang'ana mlongo wake, mlongo wake n'kuyang'ana pansi.

"Imodzi yokha, bambo," anatero.