Nsapato Zimene Zinayaka Pakhomo pa Che Hamdani

A Tahir ankaopa zinthu ziwiri zokha mu Cape Town monse: apolisi ofunsa mapepala, ndi maso a Che Hamdani. Apolisiwo ankatha kuwazemba. Koma kwa Che Hamdani kunalibe kothawira, chifukwa anali malume ake a Faridah, ndipo Faridah ndi amene a Tahir, poti mkazi wawo woyamba anamwalira, ankafuna kumukwatira.

Che Hamdani ankagulitsa nsapato pafupi ndi renki ya matekisi ku Bellville, ndipo anali ndi nthenda imodzi. Munthu akamawapatsa moni, iwo sankamuyang'ana kumaso, ankamuyang'ana kumapazi. Amuna ena anali atabwerapo kale kudzafunsira Faridah. Wina anabwera ndi nsapato zodyeka chidendene mbali imodzi, Che Hamdani n'kunena kuti ameneyu ndi waulesi, amakoka miyendo. Wina anavala mateki oyera mbee, iwo n'kuti ameneyu sanagwirepo ntchito chibadwire. Onsewo anabwerera tiyi asanazizire. Faridah, amene ankasoka makatani kuseri kwa shopu ya Msomali wina, ankangopukusa mutu, poti mawu a malume sankawadumpha.

Ndiye a Tahir, pofuna kuchenjera, anakagula nsapato kwa Che Hamdani eni akewo. Zachikopa, zakuda, zowala moti ntchentche ikateraponso inkaterereka. Munthu anganyoze bwanji nsapato zimene wagulitsa yekha? Anapangana kuti Loweruka masana akaonekere kunyumba.

Ntchito a Tahir ankagwira ku Epping, m'labu ya fakitale ina ya juwisi. Ankatsuka mabotolo ndi kusamala chipinda chosungira mankhwala. Mkulu wawo anali Felistas, woyeza mankhwala m'labumo, mayi wobadwira ku Harare koma agogo ake a ku Dedza. Chichewa chake chinkatuluka ndi Chishona kumchira, ndipo ulaliki wake wa tsiku ndi tsiku unali wa perokisayidi.

“A Tahir, uyu si perokisayidi wa ku famase uja mumathira pachilonda,” ankatero. “Uyu ndi mukoma wake, mkulu wake weniweni. Amaoneka ngati madzi, koma akakugwerani pakhungu mumayera ngati mwagwira ufa, kenako mumamva moto. Magalasi kumaso, magolovesi m'manja, magambuti kumapazi. Ndipo asakumane ndi dzimbiri kapena fumbi, amakwiya.”

Chaka chimenecho ndi chija Cape Town inauma gwa, boma la mzinda likuopseza kuti litseka mipopi. Aliyense anasanduka katswiri wa zigubu, koma a Tahir anaposa onse. Kunyumba kwawo ku Delft zigubu zinali zambiri kuposa mipando, ndipo palibe chimene ankadana nacho ngati chitsekerero chotaya. Lachisanu akupukuta mashelefu anaona kuti chitsekerero cha chigubu cha perokisayidi chili ndi kabowo pakati. Zinawawawa mumtima. Fakitale yonseyi, makina onsewa, n'kumasunga mankhwala m'chigubu chobooka? Anakatola chitsekerero china kuseri kwa fakitale, pamulu wa zitsulo zakale, n'kuchipukuta pa thalauza, n'kumanga mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Anaweruka akudziyamikira.

Kabowo kaja, abale anga, kanali kadala. Perokisayidi amapuma, amatulutsa mpweya nthawi zonse, ndipo ukamutseka pakamwa amafufuma. Ukamuonjezera ka dzimbiri, ndiye wamuputa. Felistas anali atalalikira zonse, koma za kabowo anaona ngati n'zodziwika kale.

Loweruka m'mawa a Tahir anafika ku ntchito atavala nsapato zatsopano zija. Zinkathina pang'ono, ndipo iwo sankafuna kukatsimphina pamaso pa Che Hamdani, choncho anati zizolowere phazi. Magambuti anawasiya m'loka pamodzi ndi mkanjo woyera ndi kofia zokavala masana. Atatsegula chipinda cha mankhwala anapeza chigubu chija chatupa ngati mimba ya mwana wodya mango osapsa. Munthu wanzeru akanabwerera m'mbuyo n'kukaitana Felistas. A Tahir anaganiza zokonza msanga Felistas asanaone. Magalasi anavala, magolovesi anavala, tithokoze Mulungu, koma za kumapazi sanazikumbuke.

Atangopotokola pang'ono, chitsekerero chinauluka mpaka kudenga, thovu n'kutsika m'mbali mwa chigubu, kuwanyowetsa miyendo ya thalauza ndi nsapato zomwe.

“Maiwe,” anatero Felistas akutulukira pakhomo. “Pansi pa shawa, a Tahir. Msanga.”

Pakona ya labu panali shawa ya pangozi, ya tcheni chokoka. A Tahir anathamangira komweko, koma asanafike anachita chimene mtima wawo unawauza: anavula nsapato n'kuzikankhira kuseri kwa chitseko. Chikopa ndi madzi sizimvana, izi amadziwa aliyense.

“Vulani thalauza ndi masokosi.”

“Sisi Felistas, ine ndine Msilamu.”

“Ine ndine wa Methodist, ndipo miyendo ya amuna ndinaionapo. Vulani, ndatembenuka.”

Anakoka tcheni atapereka msana. Madzi anatsika ngati mvula ya kwathu ya mu Januwale. A Tahir, munthu amene miyezi yonseyi ankasamba ndi kapu ataimirira m'beseni, anamva chisoni chenicheni. M'miyendo munali mutayera mawangamawanga ndipo munkabaya ngati lunguzi, koma chimene chinkawapweteka kwambiri chinali kuona madzi abwinobwino akulowa m'dzenje. Anakoka ndowa ndi phazi n'kuiika pakati pa miyendo kuti apulumutseko ena.

“Basi sisi, zakwana. Damu litha.”

“Mutuluka ndikanena ine.”

Atatuluka, akunjenjemera m'chovala cha ntchito chimene anawabwereka, anapeza Felistas akuthira madzi pansi ponse pamene panatayikira mankhwala. Maso ake anagwera kuseri kwa chitseko.

“Munavala izi? Shamwari, mukufuna kufa? Ziviikeni mu ndowa pamodzi ndi thalauza, zigone momwemo mpaka Lolemba. Chikopa kapena nsalu ikamwa perokisayidi ameneyu, ikamauma imayaka yokha. Popanda machesi. Mwamva?”

“Ndamva, sisi.”

Felistas analowa mu ofesi kukaimbira foni bwana wa fakitale. A Tahir anatsala ndi nsapato m'manja, ndowa ili patsogolo. Zinangonyowa pang'ono, ndi kutuwa kunsonga. Zikalowa m'madzimo zituluka zitakwinyika ngati chikopa cha mbuzi, ndipo masana ano iwo akaima pakhomo pa Che Hamdani ndi magambuti. Pa moyo wawo anaonapo nyumba ikuyaka, tchire likuyaka, ngakhale basi ya ku Monkey Bay ikuyaka, koma nsapato yoyaka yokha sanaimvepo. Anati anthu ophunzira amakonda kukuza nkhani. Anazipukuta bwinobwino ndi kansanza, n'kuponya kansanzako mu ndowa pamodzi ndi thalauza, masokosi ndi njerwa yotsekereza chitseko kuti phokoso limveke lokwanira.

“Zalowa?” anafunsa Felistas ali mu ofesi.

“Zalowa, sisi.”

Nsapato zinatuluka pageti m'jumbo, pansi pa mkanjo. Pamsewu anagula masokosi ena akuda kwa mayi wogulitsa pa tebulo, anapaka polishi potuwa paja, n'kuvala. M'tekisi ya ku Bellville zala za kumapazi zinayamba kuyabwa, kenako kubaya, kenako kutentha. A Tahir analuma mano. Nsapato zatsopano zimatero, anadziuza, ndipo mwamuna wofuna banja salira ndi zala.

Che Hamdani ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya landilodi. M'mbali mwa khoma munali zigubu zawo za madzi, zomangidwa ndi tcheni ndi loko, poti madziwo ankakaimira mzere ku kasupe wa ku Newlands. Anatuluka, anayankha salamu, maso n'kutsikira kumapazi monga mwa nthawi zonse. Anayang'ana kwa kanthawi.

“Nsapato zabwino,” anatero.

“Ndinagula kwa munthu wodziwa.”

Ndevu za Che Hamdani zinagwedezeka pang'ono, ndipo a Tahir anamva mtima ukuvina. Anavula nsapato pakhonde monga mwa ulemu, n'kuziika pafupi ndi za eni nyumba, zofiirira zopitira ku mzikiti Lachisanu, zimene zinali zitapakidwa polishi n'kuyanikidwa padzuwa. Dzuwa lake linali la Febuluwale, loswa mutu, ndipo mphepo youma ija ya ku Cape inkawomba osapuma.

M'nyumba anakhala pa kapeti, a Tahir atapinda miyendo kubisa mapazi amene ankawotcha. Faridah anabweretsa tiyi ndi samusa, anawaba ndi diso kamodzi, n'kubwerera kuseri kwa katani. Mafunso anayamba: kwanu ku Mangochi ndi mudzi uti, mumaswalira mzikiti uti, mkazi woyamba anamwalira liti. A Tahir ankayankha bwino, okha ankadzimva.

“Nanga ntchito yanu ndi yotani kwenikweni?”

“Ndimasamala mankhwala oopsa, Che Hamdani. Ndi ntchito yofuna munthu womvera malangizo.”

Che Hamdani anakweza mphuno. “Faridah, samusa zikupserera.”

“Ndazimitsa kale, mjomba.”

Panja kunamveka mawu a Safeli, neba wa kanyumba kenako, mnyamata wa pakamwa posatseka. “Che Hamdani, khonde lanu likufuka!”

Anatuluka mopanikizana pakhomo. Nsapato za a Tahir zinali zikuyaka mwaulemu, malawi ang'onoang'ono akutuluka m'kati, ndipo moto unali utalumphira kale ku zofiirira zija, polishi n'kumauthandiza. Faridah ndi amene anali ndi mutu. Ananyamula beseni la madzi ochapira amene ankasungira kuchimbudzi n'kukhuthulira pomwepo. Panatsala utsi, fungo la mbuzi yowauka, ndi zinthu zinayi zakuda zopindika.

Safeli anali atatulutsa kale foni, akujambula. “Abale a ku Bellville, onani nokha. Nsapato izi zagulidwa ku shopu kwa Che Hamdani, ndinaziona ndi maso anga pa shelefu. Zayaka zokha popanda wozigwira. Mukavala, muziyenda ndi ndowa.”

Anthu a m'tinyumba tina anayamba kusonkhana. Mayi wina anati zimenezi si zachabe, pali munthu wazitumiza. Che Hamdani anangoima, manja ali lende. Kwa nthawi yoyamba a Tahir anawaona osayang'ana mapazi a munthu aliyense, ndipo anaoneka okalamba.

Apa a Tahir anaona khomo lothawira lili pululu. Akangokhala chete, mlandu ugwera nsapato kapena afiti, ndipo Che Hamdani, mwa manyazi, sangamukane munthu amene amugulitsa nsapato zoyaka. Faridah akhala wawo lero lomwe. Koma pofika madzulo kanema wa Safeli akhala atazungulira mafoni a Amalawi onse kuchokera ku Bellville mpaka ku Hout Bay, ndipo pa shopu ija sipadzaimanso munthu. Anamuyang'ana Faridah, beseni lili m'manja, ndipo anachita mantha kuposa a pa chigubu chija.

“Safeli, lozetsa foniyo kuno,” anatero. “Nsapato zilibe mlandu. Zinatayikiridwa mankhwala ku ntchito kwanga m'mawa uno, chifukwa cha kupusa kwanga. Anandiuza kuti ndiziviike m'madzi, apo ayi ziyaka zikauma. Ine ndinaviika njerwa. Ndinkafuna kuti Che Hamdani andione ndili ndi nsapato zabwino.”

“Njerwa?” anafunsa Safeli.

“Njerwa.”

Anthu anaseka mpaka ena kugwira khoma, ndipo Safeli anatsitsa foni mokhumudwa, poti nkhani ya munthu wopusa siyenda ngati ya ufiti. A Tahir sanaseke. Ankadziwa kuti amuna anzawo anabwezedwa chifukwa cha chidendene chokha, pamene iwo atentha nsapato za Lachisanu za mwini nyumba, pakhonde pake, atangodzitama kuti amamvera malangizo. Anayamba kuganiza za mmene akafikire ku renki ndi masokosi okha.

Che Hamdani anapuma mozama, ndipo mwa chizolowezi maso awo anatsikira pansi. Anaima pomwepo. Masokosi akuda aja anali atasanduka otuwa kunsonga, ena atabooka, ndipo zala zosuzumira pamabowo zinali zoyera ngati chinangwa chosenda, zina zitatupa matuza.

“Mwayenda kuchokera ku Epping ndi mapazi amenewa?”

“Ndimayesa ndi nsapato zatsopano.”

“Nsapato zanga siziluma chonchi. Mankhwala akewo amafuna chiyani?”

“Madzi, Che Hamdani. Ambiri. Koma musavutike, ndikathira kunyumba.”

Che Hamdani anayang'ana zigubu zawo, zimene ngakhale landilodi sankaloledwa kuzikhudza. Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi, n'kumasula loko. Anawakhazika a Tahir pa sitepe. A Tahir anayesa kuvula sokosi koma linkawakanika, ndipo Faridah anagwada n'kutambasula dzanja kuti awavule.

“Iwe, chotsa dzanja,” anatero Che Hamdani. “Mapazi amenewa udzawagwira ikatha nikaha, mutakwatirana. Panopa nyamula chigubu uzithira.”

Che Hamdani anagwada okha, mawondo akulira, n'kuvula masokosi aja pang'onopang'ono. Faridah anapendeketsa chigubu akuyang'ana kumbali, koma mapewa ake ankagwedezeka ndi kuseka, madzi n'kumatayika pena ndi pena. Chitatha, malume ake anati atenge china. A Tahir anakhala pa sitepepo, madzi a ku Newlands akuyenderera m'zala n'kumira m'fumbi, ndipo ulendo uno sanafunefune ndowa. Misozi yawo inkatsika mpaka m'ndevu. Anati ndi ululu wa mankhwala, koma palibe anawakhulupirira.

“Tikatha pano ndikuperekezani ku kiliniki, mutenge mapatapata anga a kubafa,” anatero Che Hamdani, akutembenuza phazi kuti madzi afike pansi. “Ndipo ku nikahako mudzavale magambuti.”