Kansomba Kotsala

Malemu mwamuna wake anasiya tinsomba tisanu ndi tiwiri m'thanki yagalasi pabalaza, ndipo mayi wamasiyeyo ankatidyetsa m'mawa uliwonse asanatereke n'komwe madzi a tiyi. Ndiye tsiku lina anatulukira mpongozi wake, mkazi wa mwana wake mmodzi yekhayo, atanyamula mphatso m'kajumbo ka madzi. Chinali chinsomba chofiira cha mtundu wa beta, zipsepse zili wirawira ngati diresi laukwati.

Awiriwa anali atatha zaka zitatu osalankhulana, ndipo nsombayi ndiyo inali kupepesa kwa mpongoziyo. Mphatso yotere munthu angaikane bwanji?

Koma chinsombacho, kukongola konseko, mtima ngwachabe. Chinkatukumula masaya, kuthamangitsa tinzake, n'kumatinyotsola michira. Mwezi usanathe panatsala kamodzi kokha, kabuluu, kamene malemu ankakatcha Kapitawo chifukwa chokonda kuyendera makona onse.

"Beta yamphongo sifuna kuona mnzake wa mchira wautali, mayi," anatero wogulitsa nsomba kusitolo. "Ichotseni ikhale payokha."

Kunena n'kosavuta. Mpongozi ankabwera Loweruka lililonse, ndipo akangolowa, maso ankathamangira kuthanki. Za tinzake tija mayiyo anali atanama kale kuti tinafa ndi ukalamba. Choncho mkati mwa sabata ankasunga Kapitawo m'botolo lalikulu kuchipinda, Loweruka n'kumuwolola ndi sefa ya tiyi kumubwezera m'thanki, kuopa mafunso.

Loweruka lina mpongozi anakhalitsa. Anakhala chofulatira thanki, n'kuulula motsitsa mawu kuti ndi woyembekezera, nkhani imene mayiyo anaidikira zaka zonsezi. Kuseri kwa phewa la mpongoziyo chinsomba chija chinali chitamupanikiza Kapitawo pakona. Mayiyo ankaona zonse. Sefa inali pambale pomwepo, koma mpongozi anali atamugwira manja onse awiri, misozi ili chuchuchu, ndipo mayiyo anaopa kuwasolola. Mtima unamuwawa koopsa, koma anangokhala, akumwetulira.

Potsanzika mpongozi anasuzumira m'thanki. Kapitawo anali ali gone pansi kuseri kwa mwala, mchira utatheratu, ndipo mpongoziyo sanamuone.

"Taonani mmene yasangalalira, amayi. Mukuisamala bwino mphatso yanga."

"Ndikuyesetsa, mwanangu," anayankha mayiyo.

Atatseka chitseko anatenga sefa ija n'kumuwolola Kapitawo, atafa kale. Botolo linali chidikirire kuchipinda ndi madzi ake, koma ulendo uno sanapite naye kumeneko.