Mawu Amene Anatsala Pakhosi

Dzuwa litapendeka, banja la a Enos Zgambo linali pakhonde kutongola chimanga cha mbewu. Mkazi wawo, a Keziya, ankapeta. Mwana wawo wamkulu, Justus, mphunzitsi wa ku Mzimba boma, anali atabwera kudzaona odwala. A Enos anali pampando wandalema, supuni ili m'manja. Akafuna madzi ankagogoda kapu.

Chibwerereni kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, a Enos anali asanatulutse liwu. Kumeneko anawamwetsa phala loyera ngati choko, n'kuwajambula pakhosi. Dokotala anayankhula Chingerezi, ndipo womasulira anali Justus: pakhosi pali kabala, asayankhule mpaka mvula yoyamba, ndipo kadzapola. A Enos anamvera. Ngakhale kutchalitchi ankangogwedeza milomo.

Chinkawavuta a Keziya chinali dimba la kudambo. Kwawo kunali ku Kasungu, ndipo akulu ake a Enos, a Lyford, anali atayamba kunena pamsika kuti mkazi wobwera alibe malo kwa Zgambo. A Keziya akadandaula, amuna awo ankaloza kumwamba, kenako pakhosi: mvula igwe, ndidzayankhula.

Rute, mwana wawo wamkazi wokwatiwa ku Champhira, anatulukira kunjira fumbi lili m'miyendo. Sanagwade, sanapereke moni.

"Adumbu," anatero kwa mlongo wake Justus, "matabwa mwatsitsa kwa kalipentala aja ndi a chiyani?"

"Matabwa ati? Khala pansi, iwe."

"A pa lole ya ku Chikangawa. Kalipentala wandiitana ndikugula mchere. Akuti, mayi, bambo anu ndi atali bwanji? Ine n'kumaseka, kuyesa akufuna kuwakhomera bedi!"

Lichero linaima m'manja mwa a Keziya.

"Ndi a chitseko," anatero Justus.

"Chitseko amayeza munthu? Mwaphunziradi chomene, aphunzitsi. Nenani pano zimene ananena dokotala."

"Rute, si pamaso pa adada."

"Khosilo n'la ndani? N'lanu?"

A Enos anagogoda kapu kamodzi, mwamphamvu. Analoza Justus ndi supuni.

Justus anayang'ana zitsononkho zimene zinali kumapazi kwake. Anayamba motsitsa. Dokotala anapachika chithunzi pagalasi lowala, n'kumuonetsa njira ya phala lija. Pamwamba inali yotakata, koma pakati inatsala ngati ulusi. Chotupa chinali khansa, ndipo chinali chitafalikira m'mbali mwa khosi. Mpeni sukanathandiza. Anati mwa odwala amene zithunzi zawo zimaoneka chonchi, ambiri mawu ndiwo amayamba kutha, kenako kumeza. Chimanga chachiwisi mwina sadzachiona.

"Nanga zokhala chete?" anafunsa a Keziya. "Dokotala ananena?"

Justus anatembenukira amayi ake.

"Ndinawonjezera ndine, amama. Ndinkaopa kuti andifunsa. Sindikanatha kuwanamiza tsiku ndi tsiku."

"Mbwenu munawatseka pakamwa kuti inu mugone bwino!" anakuwa Rute. "Bokosi mwakumbukira, koma amama ayi. A Lyford ayendera kale dimba lonse ndi mapazi awo. Adada akapita osanena kanthu, amama adzakwera basi ya ku Kasungu ndi kamtolo pamutu. Inu muli ku boma, tayi pakhosi!"

"Ndinkafuna akhale ndi mtendere."

"Mtendere wogogoda kapu ngati khanda?"

Supuni inagwa pansi. A Enos anagwira mzati wa khonde n'kuimirira. Anatsegula pakamwa, koma kunangotuluka mpweya. Anayesanso, mitsempha ya pakhosi itatupa. Mawu anabwera okhakhala, ngati sowo yobuntha pamtengo wouma.

"Miyezi yonseyi... mawu anali anga."

"Adada, pepani."

"Ndinali nawo ambiri... pobwera kuja. Wandidyera."

Anatsokomola nthawi yaitali. A Keziya anawapatsa madzi, iwo anakankha kapuyo. Sanali munthu waukali. Ana awo sanawaonepo akukweza dzanja, ndipo ngakhale tsopano sanalikweze. Anangomuyang'ana Justus mpaka mnyamatayo anagwada yekha pa zitsononkho.

"Pita kwa Lyford," anatero a Enos. "Mawa. Kudimba. Ndi azakhali ako."

Justus anadzuka n'kupita kukatenga njinga. Rute anakhala pansi, n'kuyamba kutongola mwaukali mpaka chala chinatuluka magazi.

Kutacha anatsikira kudambo dzuwa lisanatenthe. A Enos anayenda pang'onopang'ono atatsamira phewa la mkazi wawo. A Lyford anafika atavala jekete, pamodzi ndi alongo awo, a Esther, ndi akulu awiri a mpingo amene Rute anawadzutsa yekha.

Anaima pafupi ndi chitsime. A Enos anayankhula, koma mphepo ya m'mabango inawaposa.

"Sindikumva, mung'ono wanga," anatero a Lyford, akuyang'ana kumbali. "Usadzivutitse. Tidzakamba ukachira."

"Sachira," anatero Rute. "Sendezani khutu."

"Mwana uyu alibe mwambo."

"Sendera, Lyford," anatero a Esther. "Suli wogontha. Za pamsika umazimva bwanji?"

A Lyford anawerama monyinyirika. A Enos anawagwira kolala ya jekete ndi dzanja lawo lowonda, osausiya. Ananong'ona kukhutu, napumira, nanong'onanso. Kenako analoza akulu a mpingo aja.

"Akuti bwanji?" anafunsa mmodzi wa iwo.

A Lyford anayesa kuwongoka, koma dzanja linakanirira.

"Akuti dimba ili ndi nyumba n'za NyaPhiri mpaka imfa yake."

NyaPhiri ndilo dzina limene a kwa Zgambo ankawaitanira a Keziya. A Enos anakokanso kolala.

"Akuti wina asadzamuthamangitse. Ngakhale ine."

"Yewo, tamva," anatero akuluwo.

Dzanja linamasuka. A Enos anakhala pansi pamzere, thukuta lili kumaso. Justus anasendera kuti awagwire, koma iwo anatembenukira kwina. A Lyford anakonza jekete lawo n'kunyamuka osatsanzika.

A Keziya anaima kanthawi akuyang'ana mpiru umene unali utayamba kufota. Kenako anamanga chitenje, anatunga madzi m'keni, n'kuyamba kuthirira kuchokera kumzere wa kumunsi.